Ulendo wa ku chipululu cha Northern Cape pa galimoto: Kgalagadi kapena Augrabies?

Wa_ku_Cosmo
Moni nonse a pagulu. Tilipo asanu, akuluakulu anayi ndi mnyamata wa zaka 14, tonse tili konkuno ku Joni. Akatitsekera kuntchito pakati pa Disembala tikufuna tikaone chipululu ku Kgalagadi, tizikagona m'matenti, masana tizikayenda wapansi pa milu ya mchenga wofiira ija. Galimoto ndi Toyota Avanza, masiku tili nawo 7. Odziwa tithandizeni: msewu wabwino ndi uti, madzi tinyamule ochuluka bwanji, nanga pageti amafuna mapepala anji kwa ife a pasipoti ya Malawi?

Tsabola
Disembala? Wakulakwirani ndani kuti mukadziwotche chonchi?

Chinkhoma
Achimwene, tisanafike pa msewu, pulani yanuyi ili ndi mavuto awiri. Loyamba, ku Kgalagadi sayenda wapansi. Kuli mikango, akambuku ndi afisi, ndipo lamulo ndi loti mukhale m'galimoto. Mumatsika m'kampu basi, komanso pa malo ochepa odyerapo omwe ali ndi chikwangwani, ndipo pamenepo palibe mpanda, mumadziyang'anira nokha. Mchenga wofiirawo mudzauona pa windo. Ku Twee Rivieren, kampu ya pa geti lolowera m'pakiyo, nthawi zina amayendetsa anthu m'mamawa ndi alonda a mfuti, koma ndi kaulendo ka maola ochepa, ndipo kamadalira ngati alondawo alipo.

Lachiwiri ndi limene a Tsabola akuliseka. Disembala ndi Januwale kumeneko kupitirira madigiri 40 si nkhani, ndipo mwala ndi mchenga zimatentha kuposa mpweya. Ngati chimene mukufuna ndi kuyenda wapansi m'chipululu, pitani ku Augrabies Falls National Park, makilomita pafupifupi 120 kumadzulo kwa Upington. Kuli njira yotchedwa Klipspringer, ya masiku atatu, makilomita opitirira 35, ndipo a SANParks, bungwe loyang'anira mapaki a dziko la South Africa, amaitsegula kuyambira 1 Epulo mpaka 30 Sepitembala basi. Miyezi inayo amaitseka chifukwa cha kutentha komweko. Eni malo akatseka njira yawo yomwe imawabweretsera ndalama, mudziwe kuti sakuseka.

Mayi_aAwiri
Mukunena zoona a Chinkhoma, koma musaiwale kuti ambiri pano tchuthi chathu ndi cha Disembala chokhacho. Omanga, a m'magaladi, ogwira m'nyumba za anthu, ndani angawapatse sabata yathunthu mu Juni?

Chinkhoma
Ndamva mayi. Yang'anani kalendala: 27 Epulo ndi 1 Meyi onse ndi maholide, ndipo amakhala moyandikana. Kupempha masiku atatu apakatiwo n'kosavuta kuyerekeza ndi kupempha sabata. Nyengonso ndiye yabwino kuposa ina iliyonse: masana kwatsika, usiku sikunayambe kuluma kwambiri, ndipo mathithi amakhala adakali ndi madzi a mvula ya kumtunda. Mtsinje wa Orange umachokera ku Lesotho, mtsinje wa Vaal umauthirira pafupi ndi Douglas, ndiye umadzaza mochedwa, cha mu Febuluwale mpaka Epulo.

Zikakanika ndithu, Disembala pitani ku Augrabies koma muiwale za Klipspringer. Yendani kanjira ka Dassie kokha, ka makilomita 5 kapena 6, kodutsa ku Arrow Point ndi pa Moon Rock. Nyamukani kukangoyera, 9 koloko ikupezeni mwabwerera. Masana onse mumthunzi kapena m'dziwe losambira la m'kampu. Ndipo mukatero bwerekani chalet yokhala ndi makina oziziritsa, chifukwa tenti pa nthawi imeneyo sigoneka mpaka pakati pa usiku.

DalaivalaN14
Za msewu ndiyankhe ine. Ndi N14 kuyambira ku Krugersdorp mpaka ku Upington: Ventersdorp, Coligny, Sannieshof, Delareyville, Vryburg, Kuruman, Kathu, Olifantshoek. Makilomita pafupifupi 800. Ndi kuima kothira mafuta ndi kudya, ikani maola 10.

Nyamukani 4 koloko m'mamawa, osati chifukwa cha trafiki ya m'tauni yokha. Mukulowera kumadzulo, ndiye mukachedwa dzuwa la madzulo limakulasani m'maso ndendende, pa chigawo chomwe chili ndi malole ambiri. Pakati pa Kuruman ndi Kathu pamadzaza malole a ku migodi ya chitsulo ndi manganese, amayenda mondondozana, ndipo kupitirira awiri kapena atatu nthawi imodzi ndi Avanza yolemedwa n'kudziika pa mpeni. Dikirani mpata woonekera patali, tsitsani giya, pitirirani imodzi, lowani. Maenje amavuta cha ku Sannieshof ndi Delareyville, makamaka mvula ikangotha. Usiku musayende konse: ngoma zimadumpha mipanda ya m'mafamu dzuwa likamalowa, ndipo ngoma yaimuna imalowa pa galasi lakutsogolo, siima pa bampala.

Thanki ya Avanza ndi malita 45. Yolemedwa, ndi katundu padenga, muwerengere malita 8 kapena 9 pa makilomita 100. Thirani ku Vryburg, ku Kuruman ndi ku Upington ngakhale geji ikuonetsa theka. Kuchoka ku Olifantshoek kukafika ku Upington ndi mtunda wautali wopanda tauni yeniyeni.

Aphunzitsi_Opuma
Mukafika ku Kuruman musangothira mafuta n'kuthawa. Kuli mishoni ya Robert Moffat, komwe David Livingstone anakwatira Mary Moffat mu 1845, asanaone nyanja yathu. Mnyamata wa zaka 14 uja akaona tchalitchicho, mbiri ya m'buku idzamukhalira. Pakati pa tauni palinso kasupe wamkulu, Eye of Kuruman, madzi oyera mbee akutuluka pansi pa thanthwe m'dziko louma chonchija.

Tsabola
Aphunzitsi, anthu akufunsa za madzi akumwa, inu mwayamba kale Sitandade 6.

Aphunzitsi_Opuma
Kasupe si madzi kodi?

Namwino_waUsiku
Tiyeni tiwerenge madziwo bwinobwino, chifukwa ndi pamene anthu amalakwitsa. Munthu wamkulu woyenda ndi chikwama padzuwa la kumeneko, ngakhale mu Meyi, amafuna malita 4 mpaka 6 akumwa patsiku. Kuphika ndi kutsuka, onjezani awiri kapena atatu. Anthu asanu ndiye kuti malita 30 mpaka 45 tsiku lililonse. Mpweya wake ndi wouma kwambiri moti thukuta limauma lisanaoneke, ndiye munthu amaganiza kuti sakutuluka thukuta pomwe madzi akutha m'thupi. Musadikire ludzu. Imwani pang'onopang'ono mphindi 20 zilizonse, ndipo yang'anani mkodzo: ukakhala wachikasu kwambiri kapena mwatha maola 6 osakodza, mwatsalira kale.

Madzi okha sakwanira. Thukuta limatulutsanso mchere, ndipo munthu womwa malita ambiri osadya kanthu amayamba mutu, nseru ndi kusokonezeka, zomwe zimafanana ndi za wosowa madzi, anzake n'kumamuthirabe madzi ena. Tengani mapaketi a ORS, monga Thanzi wa kwathu uja, kuno ku famase amagulitsa Rehidrat. Akatha, lita imodzi ya madzi, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mtedza wothira mchere m'thumba umathandizanso.

Zizindikiro zoti muime: chizungulire, kukokana kwa minofu, kusanza, kufooka. Wodwalayo mugonekeni pamthunzi, kwezani miyendo, mumwetseni ORS pang'onopang'ono, tsiku lathera pomwepo. Akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira kapena kukomoka thupi lili moto, imeneyo ndi ngozi ya moyo. Muthireni madzi thupi lonse, mukupizeni, ikani nsalu zonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, wina athamangire thandizo. Wokomoka sitimumwetsa kanthu, ndipo panado sachotsa kutentha kwa mtundu umenewu.

Wa_ku_Cosmo
Zikomo anamwino. Ndiye malita 40 kuchulukitsa ndi masiku 7, tikunena malita 280? Avanza ikwanitsa?

Makaniko_Booysens
Singakwanitse, ndipo musayese. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. Anthu asanu, matenti, zakudya, gasi, kenako makilogalamu 280 a madzi, masipuling'i akumbuyo akhala pansi musanafike ku Ventersdorp. Madzi ogula amagulidwa ku Upington, osati kuno. Panjira nyamulani malita 20 okha a mwadzidzidzi. Ku kampu ya Augrabies kuli mipopi ndi shopu. Ku Kgalagadi madzi a pampopi ndi amchere, osambira ndi kutsukira basi, ndiye akumwa mugule ku Upington a masiku amene mukakhale, otsala muzikaonjezera ku shopu ya m'kampu. Agaweni m'zigubu zingapo za malita 5 kapena 10. Chigubu chimodzi chachikulu chikabooka ndi kugwedezeka kwa msewu, mwataya onse. Ziikeni pansi, pakati pa galimoto, osati padenga, chifukwa Avanza ndi yaitali komanso yopapatiza, kulemera kukakhala pamwamba imapendama pa kona.

Musananyamuke: madzi a mu redieta ndi mapaipi ake, lamba wa injini, mabuleki, batire, fyuluta ya mpweya. Matayala onani chaka chake pambali, manambala anayi aja, awiri omaliza ndi chaka. Tayala lopitirira zaka 5 kapena 6, ngakhale mano akuoneka, limaphulika pa phula lotentha. Sipeya ya Avanza ili kunsi kumbuyo, itsitseni kunyumba muone ngati chotsitsira chake sichinachite dzimbiri, komanso ngati ili ndi mpweya. Tengani kompuresa yolumikiza ku batire, geji yanuyanu, zomatira tayala zija za zingwe, fosholo, chingwe chokokera, ndi thabwa lochindikala loika pansi pa jeki, apo ayi jeki imangomira mumchenga.

Kalulu_wa_Mayfair
Ine ndikuti Kgalagadi popanda 4x4 n'kutaya nthawi. Avanza imakoka ndi matayala akumbuyo okha, ikatitimira.

Makaniko_Booysens
Ayi amwene, musawaopseze. Kuchoka ku Upington pa R360 kudutsa ku Askham mpaka pa geti la Twee Rivieren, makilomita pafupifupi 250, ndi phula lokhalokha. M'kati, misewu ikuluikulu iwiri, wotsata mtsinje wouma wa Auob kupita ku kampu ya Mata-Mata ndi wotsata mtsinje wa Nossob kupita ku kampu ya Nossob, ndi yafumbi koma galimoto yokwera bwino imadutsa. Zofuna 4x4 ndi njira zapadera zija ndi makampu ena akutchire, ndipo kumeneko sangakuloleni n'komwe.

Chimene chimapha galimoto kumeneko ndi mabampu ang'onoang'ono ondondozana aja. Ndiye pageti amakuuzani kutsitsa mpweya kufika pa 1.6 bar. Tayala lofewa limagwira malo aakulu, limayandama pamchenga, ndipo silikumba msewu. Pimani m'mamawa matayala asanatenthe. Liwiro m'paki ndi 50, ndipo ndi mpweya wotsika chonchi musakhote mwamphamvu, tayala limatha kuvuka pa limu. Potuluka, popani musanakwere phula. Kuthamanga 120 pa 1.6 tayala limatentha m'mbali n'kung'ambika.

Pamchenga wambiri, giya yachiwiri, phazi lokhazikika, osasintha giya pakati. Ikaima, chotsani phazi pomwepo. Kupondereza mafuta kumangokumba dzenje mpaka mimba ya galimoto ikhale pansi. Yesani kubwerera m'mbuyo m'mapazi anu omwe.

Kalulu_wa_Mayfair
Ikakana kubwerera? Mutsike ndi fosholo yanu ija mkango ukuonerera?

Chinkhoma
Apa a Kalulu agunda poyenera. M'Kgalagadi mukatitimira kapena galimoto ikafa, khalani m'kati. Musayende wapansi kukafuna thandizo, ngakhale kampu ikuoneka ngati ili pafupi. Pali dongosolo: potuluka m'kampu m'mawa mumatenga pepala lanu ku ofesi n'kunena komwe mukulowera, pobwera mumalibweza. Geti likatsekedwa pepala lanu lisanabwerere, amadziwa msewu woti akakufuneni. Magalimoto enanso amadutsa, mumawatuma. N'chifukwa chake madzi malita 10, chakudya ndi bulangete sizichoka m'galimoto, ndipo simusintha njira osauza a ku ofesi. Netiweki ya foni ili cha ku Twee Rivieren kokha.

Mitunda yakenso imanyenga. Twee Rivieren kupita ku Nossob ndi makilomita pafupifupi 160, koma ndi maola anayi ndi theka osaima. Ku Mata-Mata ndi pafupifupi 120, maola atatu ndi theka. Mu Juni ndi Julaye mageti amatsegulidwa 7:30 n'kutsekedwa 6 koloko madzulo. Mafuta amagulitsa m'makampu atatu amenewa.

Mlembi_waMpingo
Za mapepala. Kupatula ndalama ya malo ogona, pali ndalama yolowera m'paki, ya munthu aliyense tsiku lililonse, ndipo ili pa mitengo itatu: ya okhala ndi ID ya South Africa, ya nzika za SADC, ndi ya alendo akunja. Malawi ili mu SADC, ndiye onetsani pasipoti yeniyeniyo, aliyense yake, ndi mwana yemwe. Mukaiwala, akulipiritsani mtengo wa akunja, womwe ndi pafupifupi kawiri wa SADC. Kwa anthu asanu masiku angapo, kusiyanako ndi thanki ya mafuta.

Kgalagadi ndi paki ya mayiko awiri, South Africa ndi Botswana, anaiphatikiza mu 2000. Mukalowera ku Twee Rivieren n'kutulukira komweko, pasipoti sidindidwa, simunatuluke m'dziko. Wofuna kutulukira ku Namibia pa Mata-Mata ayenera kugona m'paki masiku awiri, ndipo kudinditsa kumachitikira ku Twee Rivieren. Koma apo ndiye mwawoloka malire enieni. Amene masiku ake anapitirira adzadindidwa chiletso chobwerera, ndipo galimoto ya ngongole imafuna kalata ya ku banki. Ngakhale osawoloka, pa N14 pamakhala marodibuloko, ndiye pasipoti ndi pemiti zikhale m'thumba, osati chithunzi cha pafoni.

Kubukitsa kumatsegulidwa miyezi 11 isanafike nthawi, ndipo malo a matenti ku Kgalagadi m'miyezi yozizira amatha msanga zedi. Muziyang'ana pa webusaiti ya SANParks pafupipafupi, ena amabweza malo. Kunja kwa geti la Twee Rivieren kulinso malo a eni ake komwe mungakhome tenti n'kumalowa m'mawa. Malo amodzi a tenti amalola anthu osapitirira 6, ndiye inu mukwana pamodzi.

Nsima_Ndiye_Chakudya
Zonsezi ndamva, koma palibe wanena za ufa. Masiku atatu pa Klipspringer opanda nsima, miyendo iyenda ndi chiyani?

Mayi_aAwiri
Inu ndiye mukasenza mthiko ndi chipande m'chipululu?

Nsima_Ndiye_Chakudya
Mthiko ulemera chiyani mayi? Ufa makilogalamu awiri, usipa wouma, soya pieces, tomato wa m'paketi, anyezi awiri. Zonsezi n'zopepuka kuposa zitini za nyemba zimene anthu amasenza.

Chinkhoma
Pa kulemera a Nsima akunena zoona, ufa ndi usipa zimaposa zitini kutali. Vuto ndi madzi ndi moto. Nsima ya anthu asanu imafuna malita atatu, poto wamkulu, ndi moto wa mphindi 20 kapena kuposa, ndiye pa kasitovu ka gasi kachitini ka magalamu 230 sikachedwa kutha, makamaka kukakhala mphepo. Phikani madzulo okha, pa nyumba yogona, ndipo mutchinge sitovu ndi miyala. Mukapakula, thirani madzi pang'ono m'poto agone, m'mawa makoko afewa, muwiritse n'kuthira shuga ndi chiponde, phala lapezeka ndipo poto watsukika. Masana musaphike: buledi, chiponde, biltong, mtedza, ndi mphesa zouma zomwe zimalimidwa konko ku Upington, Keimoes ndi Kakamas.

Usipa muutsekere m'chidebe cholimba. M'kampu ya Augrabies anyani ndi apusi amadziwa kutsegula cooler box ndi zipi ya tenti. Chakudya chonse chigone m'galimoto, mawindo otseka.

Wa_ku_Cosmo
A Chinkhoma, tafotokozani bwino za Klipspringer. Awiri mwa ife anakwerapo Mulanje, ndiye tikuona ngati sizingativute.

Chinkhoma
Mulanje amathandiza miyendo, koma amazoloweretsa zinthu ziwiri zomwe kuno kulibe: onyamula katundu, ndi timitsinje tomwa paliponse. Pa Klipspringer aliyense amasenza zake. Gulu limakhala la anthu awiri mpaka 12, mumabukitsa pasadakhale, ndipo mumagona m'nyumba ziwiri, ya Fish Eagle usiku woyamba ndi ya Mountain wachiwiri. Muli mabedi ndi matiresi, mulibe magetsi kapena shawa. Tenti isiyeni m'galimoto, tengani sleeping bag.

Tsiku loyamba mumatsata m'mphepete mwa phompho. Mathithi enieniwo ndi otalika mamita 56, ndipo kunsi kwake mtsinje wadula mwala mtunda wa makilomita 18, malo ena kuya mamita oposa 200. Mtsinje mumauona pansipo koma simungaufike, ndiye madzi a tsiku lonse, malita atatu kapena anayi, akhale kumsana. Mwala wake ndi wosalala, wopanda chotchinga, ndipo anthu anagwerapo pofuna chithunzi. Mnyamatayo ayende pakati pa akuluakulu.

Tsiku lachiwiri ndi limene limathyola anthu. Mumatsikira ku mtsinje n'kuyenda m'mbali mwake, mwala ndi mwala, kenako mchenga wofewa womwe phazi limalowa mpaka m'kakolo. Makilomita ake ndi ochepa papepala koma liwiro limatsika kufika pa kilomita imodzi ndi theka pa ola. M'phomphomo mphepo siwomba, miyala yakuda imasunga kutentha. Nyamukani kusanache bwino, ndipo musanausiye mtsinje kulowera ku nyumba yachiwiri dzazani mabotolo onse. Tsiku lachitatu mumakwera Swart Rante n'kubwerera ku kampu kudzera cha ku Moon Rock, popanda mthunzi.

Chikwama chisapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwa thupi lanu, madzi ali momwemo. Nsapato zikhale zoti mwayenda nazo kale milungu ingapo, zogwira pamwala, ndi sokosi zosakhala za thonje. Pamene payamba kutentha paphazi matanipo pulasitala nthawi yomweyo, thuza lisanatuluke. Chipewa cha mlomo waukulu, malaya a manja aatali opepuka. Mukayenda mwakachetechete mudzaona zinkhoma zitaima pa nsonga za ziboda pamwamba pa thanthwe, mbira, nkhwazi, ndi abuluzi a mitundu yowala omwe amadumpha kugwira tintchentche pafupi ndi mathithi.

Namwino_waUsiku
Madzi a mu Orange musamwe osakonza, adutsa m'matauni ndi m'minda ya mphesa yambirimbiri. Amakhala amatope, ndipo mankhwala sagwira bwino m'madzi amatope. Tungani, asiyeni adikhe, sefani pa chitenje chopinda kanayi, kenako ikani piritsi la klorini pa mlingo wolembedwa pa paketi, dikirani mphindi 30. Akazizira kwambiri dikirani ola. Kapena awiritseni abwadamuke mphindi imodzi yathunthu. Kutsegula m'mimba pa tsiku lachiwiri, kutali ndi msewu, kumamaliza madzi m'thupi msanga kuposa dzuwa.

Mlonda_waRandburg
Nonse mukukamba za kutentha. Amene apite Meyi mpaka Ogasiti adzalira ndi kuzizira. Ku Kgalagadi usiku kumatsika pansi pa ziro, nthawi zina mpaka kufika -10, madzi m'chigubu kuuma gwa. Kuzizira kumalowera pansi, ndiye choyala n'chofunika kuposa chofunda. Matiresi opopa okha ndi ozizira, mpweya wa m'kati umatenga kuzizira kwa dothi. Yalani kaphasa ka thovu kapena bulangete pamwamba pake, kenako sleeping bag. Chipewa cha ubweya kumutu, sokosi zouma, botolo la madzi otentha kumapazi.

Mbaula kapena sitovu m'tenti, ayi. Mpweya wa poizoni wochokera ku makala oyaka sununkha, munthu amangogona osadzukanso, ndipo chaka chilichonse m'nyengo yozizira timamva za anthu otere konkuno m'mashaki. Komanso tizitini ta gasi wa butane timakana kuyaka kukazizira kufika pa ziro. Gonani nako kachitiniko m'sleeping bag, kapena tengani silinda ya gasi ya Cadac.

Zikhomo zobwera ndi tenti zija n'zazifupi. Gulani zazitali masentimita 30 ndi hamala, chifukwa malo ena ndi mchenga, ena ndi olimba ngati simenti. Mangani zingwe zonse, mphepo ya mu Ogasiti imanyamula tenti. Nsapato zilowe m'tenti usiku, ankhandwe amaba.

Tsabola
Nkhuni ndili nazo zambiri kuno, anadula mtengo kuntchito. Ndani akufuna?

Mlonda_waRandburg
Zimenezo wothani konkuno. Mitengo yambiri ya mu Joni ikudulidwa chifukwa cha kachirombo koboola mitengo kaja, shot hole borer, ndipo kamayenda ndi nkhuni. Kutola nkhuni m'paki n'koletsedwanso. Gulani ku shopu ya m'kampu kapena tengani makala a m'thumba.

Namwino_waUsiku
Pa nsapato zija ndionjezere: zikutumuleni m'mawa musanavale, ndipo usiku musayende ndi patapata. Chinkhanira choopsa cha kumeneko ndi cha mchira wonenepa ndi timanja tating'ono. Cha manja akuluakulu ndi mchira woonda chimapweteka chabe. Zimayenda kwambiri usiku wotentha wa mphepo, ndipo tochi ya UV imaziwalitsa patali. Chikaluma munthu, ikani chozizira, mupatseni panado, nyamukani kupita kuchipatala osadikira, makamaka akakhala mwana. Dovu lambiri, kuvutika kumeza kapena kupuma, kunjenjemera, ndiye kuti poizoni wafalikira. Osatema, osayamwa, osamanga chingwe, osamupatsa mowa.

Njoka zake ndi mphiri ndi Cape cobra, yachikasu ija. Mphiri sithawa, imagona panjira, ndiye muziona poponda ndi pogwira. Yaluma, vulani mphete ndi wotchi, chiwalocho chisagwedezeke, thamangirani kuchipatala, ndipo pa mphiri musamange bandeji yothina chifukwa imatupitsa kwambiri. Chipatala chachikulu ndi Dr Harry Surtie ku Upington, ku Kakamas kuli chaching'ono. Nambala ya zangozi pafoni ndi 112.

Kalulu_wa_Mayfair
Ngati n'kuyenda m'chipululu kwenikweni, bwanji osangopita ku Fish River Canyon?

Chinkhoma
Imeneyo ndi ya chaka china. Ili ku Namibia, makilomita opitirira 80 kuchoka ku Hobas kukafika ku Ai-Ais, masiku anayi kapena asanu, kugona panja popanda nyumba. Amatsegula 1 Meyi mpaka 15 Sepitembala, amafuna anthu osachepera atatu ndi kalata ya dokotala. Ndi malire oti muwoloke komanso masiku awiri a pamsewu mbali iliyonse, sabata silikwana.

Koma za milu ya mchenga zija a ku Cosmo, pali Witsand Nature Reserve, kumwera kwa Olifantshoek, msewu wafumbi. Kumeneko mumakwera mchenga ndi mapazi anu, kulibe mikango, ndipo pali mulu wina womwe umalira ukamatsetsereka mchenga ukauma bwino.

DalaivalaN14
Masiku 7 aja tiwawerenge. Awiri ndi a pamsewu, kupita ndi kubwera, ndipo lobwerera ndi lalitali chifukwa Augrabies mpaka Joni ndi makilomita opitirira 900. Atsala asanu. Klipspringer ikudya atatu, kuphatikiza tsiku lofika ndi kukonzeka, latsala limodzi. Augrabies kupita ku Twee Rivieren ndi makilomita 370, kubwereranso ku Upington. Zonse ziwiri sizilowa. Sankhani: Klipspringer ndi usiku umodzi ku Witsand pobwerera, kapena masiku awiri ku Augrabies ndi kanjira ka Dassie, atatu ku Kgalagadi m'galimoto.

Mayi_aAwiri
Ndi mwana, ine ndikadasankha yachiwiriyo. Aone mikango ndi nthiwatiwa, ayende pang'ono, agone m'tenti.

Chinkhoma
Wa zaka 14 wozolowera mpira amayenda kuposa bambo ake. Chofunika n'kuyesa kaye: Loweruka awiri kapena atatu ku mapiri a Klipriviersberg kapena a Magaliesberg kufupi ndi Joni, zikwama zodzaza, makilomita 12. Amene abwerako akutsimphina ndiye wayankha funsolo.

Wa_ku_Cosmo
Takambirana. Disembala tasiya, tipempha masiku a pakati pa 27 Epulo ndi 1 Meyi, Klipspringer ndi Witsand. Funso lina: pa malo a tenti ku Augrabies pali magetsi otchajira mafoni ndi kafiliji?

Mlonda_waRandburg
Alipo malo a magetsi ndi opanda, musankhe pobukitsa. Soketi za m'makampu a SANParks zambiri ndi zabuluu za makaravani zija, pulagi ya kunyumba silowa, ndiye gulani adaputa yake konkuno ndi chingwe cha mamita 20. Sipika yaikulu isiyeni, phokoso m'kampu saloleza, ndipo drone ndi yoletsedwa m'mapaki onse.

DalaivalaN14
Tsiku loyambalo gonani ku Upington, mugule madzi, gasi ndi ndiwo m'mawa mashopu akatsegula, mukalowe ku Augrabies masana. Mukathamangira geti tsiku lomwelo mudzayenda chigawo cha Keimoes ndi Kakamas dzuwa lili m'maso, mathirakitala a m'minda ali mumsewu.